Mafayilo a masiku awiri anasowa pa seva ya NFS ku Kasungu, kumapeto ake anali pansi pa disiki

Nkhani iyi ndi ya ofesi ina yake pa boma pa Kasungu, dzina sinditchula, amagula soya ndi mtedza kwa alimi ndipo ine ndimawaonera makompyuta ngati ganyu, sindikhala pompo. Ndailemba chifukwa anzanga angapo a ntchito ngati yangayi akhala akundifunsa kuti error ija yoti Stale file handle, imene kompyuta imalemba ikamakana kutsegula foda ya pa netiweki, imatanthauza chani kwenikweni, poti ambirife tikaiona timangorisitata makina nkumapita. Ulendo uno kurisitatako ndi kumene kunakulitsa vuto, ndipo amene analamula kuti arisitate ndine.

Ofesiyo ili ndi makompyuta asanu a pa desiki ndi laputopu imodzi ya mayi wa akaunti, onse Ubuntu 22.04. Seva yake si seva yeniyeni ayi, ndi desikitopu yakale imene inakankhidwira pansi pa tebulo mchipinda chosungiramo masikelo, fumbi la mtedza lili mbuu pamwamba pake. Mkati muli disiki yaing'ono ya sisitimu, koma mafayilo onse a ofesi amakhala pa disiki ya kunja ya 2TB yolumikiza pa USB, ya ext4 (file system ya Linux, kutanthauza kasanjidwe ka mafayilo pa disiki), imene imamauntidwa pa /srv/ofesi, ndiye kuti zamkati mwake zimaonekera mu foda imeneyo, nde foda imeneyo ndi imene imagawidwa kwa makompyuta enawo pa NFS, njira yogawirana mafayilo pa netiweki. Aliyense pa kompyuta yake amangoona foda yolembedwa kuti Ofesi, sadziwa nkomwe kuti zinthu zakezo zili chipinda china. Sindine ndinakhazikitsa zimenezi, ndinazipeza choncho, ndipo poti zimayenda sindinasuzumirepo kuti disikiyo imamauntidwa bwanji seva ikamayaka.

Lolemba

Magetsi anazima cha m'ma 9 koloko m'mawa. UPS ilipo koma batire yake inafa kalekale, imangokhala ngati chokongoletsa, nde seva ndi madesikitopu onse zinangoti zii nthawi imodzi. Laputopu yokha ndi imene inatsala yoyaka. Ine tsiku limenelo ndinali ku Nkhamenya kumaliro a malume anga. Foni inalira, mayi aja akuti "achimwene, laputopu yanga yauma, mausi ikuyenda koma LibreOffice sikutseka sikutani." Ndinawauza kuti amayi musaigwire, idikireni magetsi abwere.

Kuuma kumeneku si kuwonongeka, ndi mmene anazipangira dala. Pulogalamu ngati LibreOffice sidziwa kanthu za netiweki, iyo imangouza kernel, phata la Linux limene limayendetsa madisiki ndi netiweki, kuti tsegula fayilo iyi, lemba izi. Mkati mwa kernel muli gawo lotchedwa VFS, ndi limene limayang'ana kuti fayilo imeneyi ndi ya ndani, ya ext4 kapena ya fulashi kapena ya NFS, nkupereka ntchitoyo kwa mwini wake. Ikakhala ya NFS, kernel imasandutsa pempholo kukhala uthenga wa RPC nkuutumiza pa TCP ku port 2049 ya seva. Ku seva nako amene amalandira ndi kernel yomweyo, mukalemba ps mumaona timizere ta nfsd, pa Ubuntu timakhala 8 ngati simunasinthe, ndi timeneti timapita ku VFS ya ku sevako mpaka kukafika pa ext4. Tsono seva ikasowa, mauntiyo ikakhala ya hard, imene ndi yachizolowezi, kernel ya kasitomala, kutanthauza kompyuta imene ikupempha mafayilo ku seva, imangodikira nkumayesabe osatopa, pulogalamu ija imakhala mu state D, yongodikira, ndipo mu dmesg, mmene mumaoneka mauthenga a kernel, mumalembedwa kuti server not responding, still trying. Anthu ambiri amatopa nazo nkuika soft kuti izingolephera msanga, ine pa foda imene anthu amalembamo za ndalama sindiika soft, bola munthu adandaule kuti makina auma kusiyana ndi kuti fayilo ilembedwe theka.

Magetsi anabwera cha m'ma 11. Mwa malamulo ake laputopu ija imayenera kungodzuka yokha nkupitiriza pamene inasiyira, koma mayi anaimbanso, akuti yadzuka inde koma foda ya Ofesi ikukana, yalemba kuti Stale file handle. Apa ndi pamene ndimayenera kuima nkuganiza kaye, chifukwa seva kungozima nkuyakanso sikubweretsa uthenga umenewu. Koma ndinali pakati pa anthu, akunyamula bokosi, ndinangonong'ona kuti amayi irisitateni. Kenako foni ndinazimitsa, tinapita kumanda.

Atarisitata foda inatseguka bwinobwino koma mulibe kanthu. Madesikitopu onse chimodzimodzi, foda ya Ofesi ili mbee. Anandisaka osandipeza, panja alimi ali pamzere ndi matumba pa njinga, ena pa ngolo, nyengo ya soya simuuza mlimi wochokera ku Chamama kuti bwerani mawa kompyuta yavuta. Bwana anangoti mwina a IT asuntha zinthu akukonza, pitirizani ntchito. Anatsegula masipuredishiti atsopano, kusikana malisiti, zonse kumaseva mu foda yopanda kanthu ija, ndipo imalandira popanda kudandaula kulikonse. Lolemba masana onse ndi Lachiwiri lonse.

Lachiwiri madzulo mnyamata wa intenishipu, wanzeru zake ndithu, analumikiza sikirini pa seva, analemba lsblk nkuona kuti disiki ya 2TB ilipo koma sinamauntidwe. Anaimaunta pamanja pa /srv/ofesi, nkurisitata nfs-kernel-server. Pa sevapo mafayilo akale onse anabwerera, koma madesikitopu asanu aja onse anayamba Stale file handle. Anawarisitata, poti ndi zimene a IT ananena dzulo lake. Zakale zonse zinaoneka, anthu kusangalala, mpaka mayi wa akaunti atafunsa kuti nanga za dzulo ndi za lero zili kuti. Palibe. Apa zinafika pa mwana wakana phala, bwana anatsimikiza kuti mnyamatayu wafufuta, ndipo mnyamatayo usiku umenewo ananditumizira mavoisi 6 pa WhatsApp, mawu akunjenjemera.

Lachitatu, zimene ndinapeza

Ndinakwera minibasi ya mbandakucha pa M1, ndinafika ofesi isanatsegulidwe. Choyamba ndinapempha kuti aliyense alembe mkope kaye mpaka masana, pa kompyuta asaseve kalikonse. Sindinkadziwa kuti mafayilo ali kuti, ndipo ngati anafufutidwadi, chilichonse cholembedwa pa disiki chikanatha kukwera pamwamba pake.

Ndinayamba ndi nthawi. last -x inaonetsa kuti seva inayaka Lolemba 11:07 ndipo sinazimenso. Mu journalctl -k ndinasaka mizere ya EXT4, ndinapeza kuti sdc1 inamauntidwa Lachiwiri 16:41. Ndiye kuti kwa maola oposa 29 seva imagawa /srv/ofesi disikiyo kulibe. Komanso bwanji sdc, poti ine ndimaidziwa ngati sdb? Ndinagwada pansi pa tebulo ndi tochi ya foni, kumbuyo kwa seva kuli kafulashi kakang'ono kofiira ka 16GB. Wina anakabaya Lachisanu kuti akopere bwana masikani nkukaiwala. Mu /etc/fstab, fayilo imene mumalembedwa madisiki oyenera kumauntidwa makina akamayaka, munalibe mzere wa disiki ija nkomwe. Ndinakaupeza mu crontab, ndandanda wa malamulo oyenda okha, ya root, akaunti yamphamvu zonse pa makina:

@reboot sleep 20; mount -t ext4 /dev/sdb1 /srv/ofesi

Basi nkhani yonse ili pamenepa. Zilembo zimenezi, sda, sdb, sdc, si mayina enieni a madisiki, kernel imangozigawa motsatira amene waoneka koyamba poyaka, ngati mzere wa pachigayo. Lolemba kafulashi kanafika msanga nkutenga sdb, disiki yaikulu imene imachedwa kuzungulira inapatsidwa sdc. Lamulo lija linayesa kumaunta fulashi ya FAT ngati ext4, linalephera, ndipo panalibe woliona. Foda ya /srv/ofesi inatsala ili foda wamba ya pa disiki ya sisitimu, yopanda kanthu, ndipo amene anakhazikitsa uja anaipatsa 777 kalekale, nde aliyense amatha kulembamo. nfsd payokha sifunsa kuti kodi pa njira iyi pamayenera kukhala disiki ina, yauzidwa kugawa /srv/ofesi, imagawa chimene yapezapo.

Nditaona zimenezi mtima unayamba kukhala pansi, chifukwa kumaunta sikufufuta kanthu. Kuli ngati kuyala mphasa pamwamba pa makiyi, makiyiwo ali pomwepo kungoti simukuwaona. Njira yosavuta inali kuchotsa disikiyo nkuona pansi, koma sindinafune kugwedezanso zimene makasitomala agwira, nde ndinapanga izi:

mkdir /mnt/pansi
mount --bind / /mnt/pansi
ls -la /mnt/pansi/srv/ofesi

Bind imeneyi imakuonetsani disiki ya sisitimu yokhayokha, osatenga zinthu zina zimene zamauntidwa pamwamba pake. Mnyamata uja anaima kumbuyo kwanga, ndikumva mpweya wake pakhosi. Nditamenya Enter mafayilo 37 anatuluka, a Lolemba ndi a Lachiwiri, kuphatikizapo tiwiri ta .~lock timene LibreOffice imasiya munthu akatsegula dokyumenti. Anangokhala pansi pa thumba la mtedza nkuti "achimwene, kawauzeni bwana nokha, ine sandimvera." Ndinati mphwanga dikira tikopere kaye.

Nanga Stale ija imachokera kuti

Mayi wa akaunti si munthu wongovomera zinthu, anandifunsa kuti ngati dzina la foda ndi lomwelo, seva ndi yomweyo, kompyuta imakana chifukwa chani. Ndinawayankha ndi lisiti yawo yomwe. Mlimi akabweretsa thumba simulemba kuti thumba la bambo a chipewa chakuda, mumampatsa pepala la manambala, la depoti ndi la thumba, ndipo akabweranso mumayang'ana manambalawo osati nkhope. NFS imatero. Dzina la fayilo limagwira ntchito poyamba pokha, kasitomala akafunsa kuti mu foda iyi muli fayilo yakuti, seva imamubwezera kachidutswa ka manambala kotchedwa file handle, ndipo kuyambira pamenepo kuwerenga, kulemba, zonse zimayendera kachidutswako. Mu NFS version 2 kanali ka mabayiti 32, mu version 3 kamafika 64, mu version 4 kamafika 128. Kasitomala sakamasulira, amangokasunga nkumakabweza. Pa seva ya Linux yokhala ndi ext4, mkati mwake mumakhala chizindikiro cha file system, kawirikawiri chochokera ku UUID yake (nambala yakeyake imene sisintha), nambala ya inode (nambala ya fayiloyo pa disiki), ndi nambala ina yotchedwa generation. Ndinawaonetsa zitatu zonse pa sikirini, blkid ya UUID, ls -i ya inode, lsattr -v ya generation.

Generation ndi imene anthu ambiri saidziwa. Mukafufuta fayilo inode yake imamasuka, fayilo ina yatsopano itha kupatsidwa nambala yomweyo, ngati thumba nambala 40 la chaka chino ndi nambala 40 la chaka chatha. Generation imasintha inode ikapatsidwa kwa wina, nde wobwera ndi lisiti yakale amakanidwa mmalo mopatsidwa katundu wa mnzake.

Chifukwa chopangira chonchi chili ku chiyambi kwa NFS. A Sun Microsystems ataipanga mu 1984 ankafuna kuti seva isamasunge mmutu kuti ndani watsegula chani, kuti ikagwa nkudzuka ntchito izingopitirira. Ndiye handle iyenera kukhala chinthu chimene sichifa seva ikazima, ndipo kernel iyenera kutha kupeza fayilo kuchokera pa manambala okha, ngakhale itangoyaka kumene isanaonepo dzina la fayiloyo. Nchifukwa chake si file system iliyonse imene imagawika pa NFS, iyenera kukhala ndi zimene mu kernel amazitcha export_operations, imodzi mwa izo ndi fh_to_dentry, ntchito yake ndi yomweyi yosandutsa handle kukhala fayilo. Gawo la UUID lija kernel siimasulira yokha, imafunsa rpc.mountd, pulogalamu ya kunja kwa kernel, kuti UUID iyi ndi ya foda iti mwa zimene tikugawa. Yankho likakhala palibe, kasitomala amalandira ESTALE, error nambala 116 pa Linux, ndi imene imaoneka ngati Stale file handle ija.

Tsono onani mmene zinayendera. Lolemba laputopu inali ndi malisiti a disiki ya 2TB, seva inadzuka yopanda disikiyo, depoti ya pa lisiti kulibe, Stale. Lachiwiri madesikitopu anali ndi malisiti a disiki ya sisitimu, pa /srv/ofesi pakhala disiki ina, Stale. Maulendo onse awiri kernel imatiuza molondola kuti pansi pasintha chinachake, ife maulendo onse awiri tinarisitata, kompyuta nkukatenga malisiti atsopano a chilichonse chimene chinalipo nthawi imeneyo.

Fayilo imodzi inatayikadi

Nditakopera 37 aja ndi rsync -a, poyamba ndi -n kuti ndione kaye chimene ichite, ndinawaika mu foda yawoyawo osawasakaniza ndi akale, chifukwa atatu anali ndi mayina ofanana ndi akale ndipo amene angadziwe kuti cholondola ndi chiti ndi eni ake osati ine. Mayi anakhala nawo ola lathunthu akufananiza. Ndi mmenemo anatulukira kuti sipuredishiti ya Lolemba m'mawa, imene kalaliki wa pa sikelo anaseva magetsi atatsala pang'ono kuzima, ilipo pa disiki ya 2TB koma kukula kwake ndi 0. Kalalikiyo analumbira kuti anaseva ndipo sinadandaule. Ndinamukhulupirira nditatsegula /etc/exports, fayilo imene imauza seva zoti igawe ndi kagawidwe kake:

/srv/ofesi 192.168.1.0/24(rw,async,no_subtree_check,no_root_squash)

async imeneyo ndi bodza lololedwa. Kuyambira version 3 ya mu 1995, kasitomala amatha kutumiza zolemba zambirimbiri seva nkuzisunga kaye mu memory, koma pomaliza amatumiza COMMIT kufunsa kuti kodi zafika pa disiki, ndipo asanayankhidwe sataya kope yake. Seva imaperekanso kanambala kamene kamasintha ikarisitata, nde kasitomala akaona kuti kasintha amadziwa kuti zija zatayika, amatumizanso. Dongosolo labwino kwambiri. Koma mukaika async mu exports, seva imayankha kuti eya zafika zinthu zikadali mu page cache, ndipo Linux mwachizolowezi itha kusunga zoterezi mu memory mpaka masekondi 30 isanazitsitsire pa disiki. Magetsi akazima mkati mwa masekondi amenewo basi zapita, kasitomala anauzidwa kale kuti zili bwino. Ku ofesi ya magetsi odalirika ndi UPS yamoyo mwina munthu angaike async mwadala. Kuno kwathu, ndi batire yakufa, ayi. Mwayi wake kalaliki amalembanso mkope la pa sikelo, mizere 14 anailowetsanso pamanja.

no_root_squash nayo inandinyansa. Imatanthauza kuti aliyense amene ali root pa kompyuta iliyonse ya pa netiwekiyo ndi root pa mafayilo a pa seva, ndipo Wi-Fi ya ofesiyi pasiwedi yake anaimata pakhoma. Mwachizolowezi nfsd imatsitsa root wa kasitomala kukhala nobody, UID 65534, munthu anachita kuchotsa dala chitetezo chimenechi, mwina tsiku lina Permission denied inamutopetsa.

Zimene ndinasintha

Mzere wa mu crontab ndinauchotsa, disiki ndinailemba mu fstab ndi UUID yake, ndi nofail kuti tsiku limene disiki yasowa seva isakakamire poyaka, poti nthawi zambiri ilibe sikirini. Foda ya pansi ija, kudzera pa /mnt/pansi, nditatsimikiza kuti zonse zakopedwa ndinaiyeretsa, ndinaibweza kwa root, nkuipatsa chattr +i. Kumaunta pamwamba pake kumathekabe koma kulembamo ngakhale root amakanidwa. Exports inakhala chonchi:

/srv/ofesi 192.168.1.0/24(rw,sync,no_subtree_check,mp,all_squash,anonuid=1500,anongid=1500)

mp ija ndi imene ikanapulumutsa sabata yonseyi, imauza seva kuti usagawe njira imeneyi pokhapokha ngati pamauntidwa chinthu. Mnzanga wina wa ku Lilongwe nditamufotokozera pafoni anati ika fsid=1 Stale ithe. Ndinakana. fsid yoika pamanja ndi yothandiza pa file system imene ilibe chizindikiro chokhazikika, monga za FUSE, koma ext4 ili ndi UUID yake kale. Ndipo pa nkhani yathuyi ikanachititsa kuti madisiki awiri osiyana azioneka ngati depoti imodzi, ine ndikufuna kompyuta izikuwa disiki ikasintha osati kuitseka pakamwa.

all_squash inabwera chifukwa cha kavuto kena kamene ndinadzipangira ndekha masana amenewo. Ndinachotsa 777 pa disiki yeniyeni nkuika zilolezo zooneka bwino, pompo kompyuta ya kalaliki watsopano inayamba Permission denied ena onse akulemba bwinobwino. Ndi sec=sys, imene pafupifupi aliyense amagwiritsa, seva siona dzina la munthu kapena pasiwedi, imangokhulupirira nambala ya akaunti, UID, imene kasitomala watumiza. Pa Ubuntu akaunti yoyamba imakhala 1000, nde anthu asanu osiyana mayina seva imawaona ngati munthu mmodzi, pamene mtsikanayu akaunti yake inali yachiwiri pa makina ake, 1001, mlendo. Njira yeniyeni ndi kugwirizanitsa ma UID onse kapena kuika Kerberos, dongosolo lotsimikizira kuti munthu ndi ndani, koma Kerberos pa ofesi ya anthu 6 imene ndimaiona kawiri pamwezi ndi kudzisenzetsa mtolo. Ndinapanga akaunti imodzi pa seva, 1500, mafayilo onse nkukhala ake, aliyense wobwera pa netiweki amasandulika 1500. Mtengo wake ndi woti pa seva simungadziwe kuti wafufuta fayilo ndani, bwana ndinawauza zimenezi poyera, anati bola ntchito iziyenda. Makasitomala onse ndinawasiya pa hard, ndinangoona kuti foda imene amamauntirapo ndi ya root ndipo munthu wamba sangalembemo, chifukwa msampha womwewu ulinso mbali yawo, seva ikakana kompyuta imatsala ndi kafoda kake kopanda kanthu.

Kenako ndinayesa, 5 koloko itadutsa alimi atapita. Ndinazimitsa seva, ndinabayanso kafulashi kofiira kaja, kuyatsa. Disiki inakhalanso sdc koma inamauntidwa pamalo pake. Ndinazimitsanso, kuzula disiki ya 2TB, kuyatsa. Desikitopu ya kutsogolo inakana kumaunta, ndipo kuseva mu foda ya Ofesi kunakanika, zimene ndimafuna. Chachitatu ndinasiya laputopu ili ndi dokyumenti yotsegula nkuzula chingwe cha magetsi cha seva, mtima uli mmwamba poti disiki ndi imodzi yomweyi, koma ndinali nditakopera zonse pa yanga. Laputopu inauma ngati Lolemba lija, seva itadzuka inakhalabe kanthawi kenako inapitiriza yokha, mu dmesg munalembedwa kuti server OK, Stale osaoneka. Kanthawi kameneko ndi ka version 4, imene makinawa akugwiritsa. Iyo inasiya nzeru yakale ija yosakumbukira kanthu, imasunga amene watsegula ndi kutseka mafayilo, nde seva ikadzuka imapereka nthawi, mwachizolowezi mpaka masekondi 90, kuti akale abwere adzatengenso malo awo atsopano asanalowe. Ndinauza onse kuti magetsi akabwera muzipereka mphindi ziwiri musanayambe kudinadina.

Mnyamata uja ndinamusiyira chinthu chimodzi chosavuta. Pa ext4 mutu wa file system nthawi zonse ndi inode nambala 2, nde akalemba ls -id /srv/ofesi pa seva nkuona 2 ndiye kuti disiki ili pamalo, akaona nambala yaitali aimbe foni. Analemba pa kapepala nkumata pa seva ndi selotepi. Bwana ndinawafotokozera pamaso pake kuti mwanayu sanafufute kanthu, ndipo kuti pa anthu tonse ndi iye yekha amene anapita kukayang'ana. Anangoti "chabwino", kenako nkumutuma kukagula mandasi a ofesi yonse, ndikuganiza kuti kupepesa kwawo kunali kumeneko.

Lachisanu kalaliki wa masikani anandiimbira kuti kukopera malisiti ambiri nthawi imodzi kwayamba kuchedwa. Ndi zoona, tsopano fayilo iliyonse seva imadikira disiki ya USB ija ivomere isanayankhe, ndipo timafayilo tating'ono tambiri ndi timene timamva kuwawa kwambiri. Ndinamuuza kuti sindibweza async. Chimene chingathandize ndi kuchotsa disikiyo mu kabokosi kake nkuilumikiza mkati pa SATA, ndinaona kuti doko lilipo lopanda ntchito, koma sinditsegula kabokosiko pasanakhale disiki yachiwiri ya bakapu, chifukwa mpaka pano kope yokhayo ya mafayilo a ofesiyi ili mchikwama changa. Kotesheni ya disikiyo ndi ya batire ya UPS ndinaisiya pa tebulo la bwana Lachitatu lomwelo, akuti tidikire soya atuluke kaye. Kafulashi kofiira kaja palibe amene wavomera kuti ndi kake, kali mdilowa ya mayi wa akaunti.